"Pet", "netty" ndi "gan hyem": Chingerezi cha agogo a m'midzi ya asodzi ku Northumberland

Funso

Ndine mayi wa ku Nkhotakota, ndipo ndikugwira ntchito m'nyumba yosamalira okalamba m'tauni ina yaing'ono ya m'mphepete mwa nyanja ku Northumberland, kumpoto chakum'mawa kwa England. Chingerezi ndidaphunzira ndipo mayeso ake ndidakhoza, koma agogo a kuno, makamaka amene adali asodzi ndi akazi awo, akayamba kulankhula mutu umandiima. Amanditchula kuti "pet", ndipo zimandiwawa chifukwa chimene ndikudziwa ine ndi chakuti "pet" ndi galu kapena mphaka. Bambo wina madzulo aliwonse amangoti "gan hyem", ndipo tsiku lina adapsa mtima koopsa nditatchula nkhumba pa nthawi ya chakudya. Kodi ndi Chingerezi chanji chimenechi? Akundinyoza? Nditani kuti tizimvana?

Yankho

Mayi, ndiyambe ndi chimene chikukubayanicho: sakukunyozani. M'dera lonselo, kuyambira ku Berwick kutsika mpaka ku Durham, "pet" ndi liwu lachikondi. Mayi amaitana nalo mwana wake, wogulitsa m'sitolo amaitana nalo kasitomala, ndipo mukatchera khutu tsiku limene adzukulu abwera kudzazonda, mumva agogo omwewo akuwatchula liwu lomwelo. Abale ake a liwuli ndi "hinny", lomwe akatswiri ambiri amati lidachokera ku liwu la uchi, ndi "flower", ndi "bonny lass". Mayi wa zaka 50 amatchedwa "lass" popanda womuchepetsa. Chinanso chimene chimadabwitsa alendo ndi "man", lomwe amaliponya kumapeto kwa chiganizo ngakhale akulankhula ndi mkazi kapena kamwana: "Howay, man" kumangotanthauza kuti tiyeni, fulumirani, kapena musatero inu.

Sindikunena kuti tsankho kulibe. Liripo, ndipo anzathu ogwira ntchito imeneyi amakumana nalo. Koma limadziwika ndi zina: mawu otchula khungu lanu, kukana kuti muwakhudze pomwe mnzanu wachizungu akumulola, kukuuzani kuti mubwerere kwanu. Zimenezo muzikanena kwa akuluakulu a pantchito ndipo zilembedwe. "Pet" sali m'gulu limenelo. Gogo amene wayamba kukutchulani "hinny" ndiye kuti wakuzolowerani.

Musadzikayikirenso pa Chingerezi chanu. Munthu wobadwira ku London atamuika pakati pa asodzi okalamba a ku Newbiggin, Boulmer kapena Holy Island akucheza okhaokha, nayenso angakhale kakasi. Chimene mukumvacho si Chingerezi chothyoka kapena cha anthu osaphunzira. Ndi kalankhulidwe kokhala ndi mbiri yakeyake, ndipo m'zinthu zingapo n'kakale kuposa Chingerezi cha m'kalasi.

Anthu otchedwa Angles adaoloka nyanja kuchokera kudera lomwe lero ndi malire a Germany ndi Denmark, ndipo mfumu yawo Ida idakhazikitsa ufumu pa Bamburgh cha m'ma 547. Chiyankhulo chawo ndiye muzu wa kalankhulidwe ka ku Northumberland komanso ka Scots cha tsidya la malire, ku Scotland. N'chifukwa chake mawu ngati "bairn", kutanthauza mwana, mumawamva ku Seahouses ndi ku Edinburgh komwe. Chingerezi chimene tidaphunzira kusukulu chidakula kwina, ku London ndi madera ozungulira, ndipo chidafala kwambiri William Caxton atayamba kusindikiza mabuku ku Westminster mu 1476. Pakati pa zaka za m'ma 1400 ndi 1700 anthu akumwera adasintha katchulidwe ka mavawelo awo aatali. Liwu la nyumba, lomwe kale lonse linkamveka "hoos", lidasanduka "house". Kumpoto kusinthaku sikudafike konse. Choncho agogo anuwo akamati "hoose", "toon", "doon", "oot", "broon", akutchula monga ankatchulira makolo a Angerezi onse. Mukagwira lamulo limodzi lokhali, mawu ambirimbiri atseguka pakamodzi. Chimodzimodzi "neet" ndi "reet" m'malo mwa "night" ndi "right", ndi "caad" ndi "aad" m'malo mwa "cold" ndi "old". "Aa" ndi ine, "wor" ndi wathu kapena chathu, "divvent" ndi kukaniza, "nowt" ndi palibe kanthu. "Aa divvent knaa" ndi sindikudziwa. "Wor lass" ndi mkazi wanga. Ndipo akati "give us a hand, pet", musayang'ane uku ndi uku kufuna anthu ena: "us" ameneyo ndi munthu mmodzi, mwini wakeyo.

Ambiri amakonda kunena kuti zonsezi ndi za ma Viking, poti "hyem" amafanana ndi "hjem" wa ku Denmark. Ma Viking, ankhondo a panyanja ochokera ku Denmark ndi Norway, adaukiradi Lindisfarne (Holy Island) mu 793, koma adakhazikika kwambiri ku Yorkshire, kumene mayina ngati Whitby amachitira umboni. Ku Northumberland mawu ambiri ndi a ma Angles enieniwo, ndipo amafanana ndi a ku Denmark chifukwa ziyankhulozi n'zapachibale kuyambira pachiyambi.

Pali chinthu china chimene chimasokoneza khutu la ife olankhula Chichewa makamaka. Okalamba a kumidzi ya kumpoto kwa Northumberland amatchula "r" kummero, monga achitira Afalansa. Eni ake amati "burr", ndipo Daniel Defoe adalemba za katchulidwe kameneka m'zaka za m'ma 1720 atayenda m'derali. Ife "r" ndi "l" timazitulutsira kunsonga kwa lilime, ndiye "r" wakummeroyu timamumva ngati "g" wofewa kapena ngati munthu akukonza pakhosi, n'kulephera kuzindikira liwu lomwe tikulidziwa bwinobwino. Achinyamata adausiya, koma udasiya chipsera pa mavawelo oyandikana nawo: "bird" amamveka "bord", "shirt" amamveka "short", "nurse" amamveka "norse", "it hurts" amamveka "it horts". Ndipo samalani ndi awiri awa: "work" amamveka ngati "walk" wa m'kalasi, pomwe "walk" weniweni amamveka "waak".

Tsopano ndifike pa zimene ndikuziona kuti n'zofunika koposa, chifukwa pa ntchito yanu kusamvana si nkhani ya manyazi okha. Kungapweteketse munthu. Mawu oyamba kuwaloweza pamtima asakhale a mabwato kapena a nsomba, akhale a thupi, ululu, kuzizira, chimbudzi ndi chakudya.

"Netty" ndi chimbudzi. Gogo akati "Aa need the netty", musadikire. "Bad" ndi kudwala, osati kuipa mtima: mkazi akakuuzani za mwamuna wake kuti "he's been bad aal neet", sakunena kuti wavuta, akunena kuti usiku wonse sanagone ndi matenda. "Took bad" ndi kudwala mwadzidzidzi. "Fettle" ndi mmene munthu akupezera m'thupi ndi mumtima, ndipo moni wakale ndi "What fettle?", woyankhidwa kuti "canny" kapena "champion" zikakhala bwino. "Bad fettle" ikhoza kukhala kudwala kapena kukwiya, ndiye muzifunsitsa. "Femmer" ndi kufooka, kutekeseka. "Cowped" ndi kugubuduka: munthu akati "Aa cowped ower", wakuuzani kuti anagwa, ndipo mukudziwa nokha kuti kugwa kwa munthu wokalamba kumafunika kunenedwa ndi kulembedwa ngakhale mwini wake akuseka. "Oxter" ndi m'khwapa, "lugs" ndi makutu, "neb" ndi mphuno, "kite" ndi mimba, "bleb" ndi thuza, "spelk" ndi kachitsotso kolowa m'khungu. "Nithered" ndi kuzizidwa mpaka kunjenjemera, ndipo okalamba ena akumpoto amanenanso "starved" kutanthauza kuzizidwa komweko, osati njala. Mukawathamangira ndi mbale ya supu pomwe akufuna bulangete, nonse mukhumudwa. "Hap us up" ndi ndifunditseni. Njala kapena ludzu lenileni ndi "clammin'". Chakudya chosakolera mchere ndi "wairsh". "Dinner" ndi chakudya chamasana, "tea" ndi chamadzulo, ndipo "bait" ndi kamba wopita naye kuntchito, ngakhale liwu lomwelo ndi nyambo ya pambedza.

Koma choopsa kwambiri si liwu lachilendo, chifukwa lachilendo limakuimitsani n'kufunsa. Choopsa ndi mawu ooneka odziwika, onenedwa mochepetsa. Anthu amenewa adakula m'nyumba zimene kudandaula kunali kochititsa manyazi. Mwamuna ankapita panyanja m'nyengo yozizira manja atang'ambika ndi mchere, mkazi ankagwira ntchito mpaka tsiku lochira, ndipo wolira ankaoneka wopepera. Ndiye bambo wa zaka 88 akakuuzani kuti "Aa'm not ower clivvor the day", sakunena za nzeru, akunena kuti sali bwino, ndipo kwa munthu wa mtundu umenewo kungofika ponena zimenezo ndiye kuti zamufika pakhosi. "A bit of a turn" ikhoza kukhala chizungulire chabe, ikhozanso kukhala chiyambi cha sitiroko. "Just a bit tight" akuloza pachifuwa si nkhani yodikira mawa. Langizo langa ndi lakuti mawu ochepetsawa muziwakuza m'mutu mwanu. Yang'anani nkhope, kapumidwe ndi mmene akukhalira pampando, apempheni aloze ndi chala pamene pakuwawa, ndipo kauzeni nesi kapena wamkulu wa shifiti mawu enieni amene ananena, osati tanthauzo limene mwaliganizira. Pamenepa kugwedeza mutu ngati mwamva pomwe simunamve ndi kumene ndikukuletsani ndi mtima wonse. Paja safunsa adadya phula, koma pa ntchito yanuyi wodya phulayo sakhala inu, amakhala gogoyo.

Mawu a panyanja ndi amene adzakutsegulireni macheza. Bwato la m'derali ndi "coble": lamatabwa osanjikizana, lalitali kumutu kuti lidule mafunde, lafulati kumbuyo kuti lithe kukwera pamchenga, chifukwa midzi yambiri idalibe doko. Potuluka limaloza mutu kunyanja, ndipo pobwera amalitembenuza kuti lifike kumtunda chambuyo, mutu ukadali kuyang'ana mafunde. Amisiri ankalipanga ndi diso, popanda pulani yapapepala. Bwato lamtunduwu ndi limene Grace Darling ndi bambo ake adapalasa pa 7 September 1838 kuchokera ku nyumba ya nyali ya Longstone kukapulumutsa anthu 9 a m'sitima ya Forfarshire, ndipo likusungidwa ku Bamburgh mpaka lero. Msampha wa nkhanu ndi lobster, wopangidwa ngati mono, kumeneko ndi "creeve". Timafunde tating'ono tosokonekera ndi mphepo ndi "lipper". Chifunga chozizira chochokera kunyanja, chimene chimaphimba gombe dzuwa likuwala mtunda, ndi "fret", ndipo chakumpoto amati "haar". Kuyenda m'madzi osaya ndi "plodge". Bakha wam'nyanja wotchedwa eider amamuti "Cuddy's duck", pokumbukira Cuthbert woyera yemwe adakhala pa zilumba za Farne m'zaka za m'ma 670 ndipo ankateteza mbalamezi. Juzi yoluka yothina ya asodzi ndi "gansey". Mudzamva alendo odzaona malo akunena kuti mudzi uliwonse unali ndi kalukidwe kake n'cholinga choti mtembo wa womira udziwike kwawo. Ofufuza mbiri ya zolukazi amaikayikira kwambiri nkhaniyi. Chodziwika n'chakuti akazi ankaphunzitsana kalukidwe m'mabanja ndipo ankatengerana akakumana m'madoko.

Akaziwo muwafunse za "skeynin'". Kale m'nyengo yozizira asodzi ankagwira cod ndi haddock ndi chingwe chachitali chokhala ndi mbedza zopitirira 1,000, ndipo mwamuna aliyense m'bwato ankafunika chake. Ntchito yoika nyambo inali ya akazi ndi ana. Ankadzuka kudakali mdima, kukhala pampando waufupi wotchedwa "cracket", n'kumatsegula nkhono za mussel imodziimodzi ndi kampeni, kukolopola mnofu wake m'mbale. Kumeneko ndiye "skeynin'". Akatha ankabaya nyambo pa mbedza iliyonse n'kumazinga chingwecho mosamala m'dengu kuti chikamaponyedwa panyanja chisakolane, chifukwa chingwe chokolana chikhoza kukoka dzanja la munthu. Zonsezi zinkachitikira m'khitchini, tsiku ndi tsiku nyengo yonseyo, ndipo ena ankasenzanso nsomba kumsana kukagulitsa m'midzi ya kumtunda. Akazi omwewo ndi amene ankakoka bwato lopulumutsira anthu kulilowetsa m'madzi amuna onse akakwera. A ku Newbiggin adatchuka nazo mu 1927 ndi mu 1940. Amayi amene mukuwasamala lero, obadwa m'ma 1930 ndi 1940, ambiri adaona amayi awo ndi agogo awo akuchita zimenezi, ena adathandizako asanapite kusukulu. Mukawafunsa, konzekerani kukhala pansi.

Inu ndinu a ku Nkhotakota, ndiye zimenezi si zachilendo kwa inu monga mukuganizira. Munthu wokulira ku Lilongwe mumzinda mutamuika padoko usiku alovi akukonza chilimira, siginala akuyatsa nyali, wina akunena kuti mwera wayamba ndipo mpoto sunathe, angamve Chichewa koma osatola kanthu. Mukudziwanso kuti nyanja ili ndi malamulo ake osalembedwa, ngati aja a pa chilumba cha Mbenji ku Salima, kumene mowa, juga ndi akazi saloledwa. Nkhani ya nkhumba ija ndi ya mtundu umenewo.

M'midzi ya asodzi ya kumpoto chakum'mawa kwa England ndi ku Scotland, kutchula dzina la nkhumba kunali kuitana tsoka. Ankailambalala ndi mayina ena: ku Northumberland "guffy", ku Holy Island "the article". Wina akalitchula mwangozi, omva ankathamangira kugwira chitsulo chozizira, msomali wa bwato kapena wa kunsapato, kuti tsokalo lisagwire, ndipo msodzi wina ankatha kubwerera kunyumba osapitanso panyanja tsiku limenelo. Kuimba mluzu m'bwato kunali kuitana mphepo. Kukumana ndi m'busa popita kugombe kunali kosafunika, ngakhale ambiri mwa anthuwa adali Akhristu olimba a mpingo wa Methodist, osaponya ukonde Lamulungu. Ena amati za nkhumbazi zidachokera pa nkhani ya pa Marko 5, ya nkhumba zija zidathamangira m'nyanja n'kumira. Kaya zidachokera kuti, chimene chidazilimbitsa ndi maliro. Pa 14 October 1881 namondwe mmodzi adapha asodzi 189 kugombe la kum'mwera chakum'mawa kwa Scotland, ndipo 129 mwa iwo adali a ku Eyemouth, tauni yomwe ili pafupi ndi Berwick. Mudzi uliwonse wa m'gombeli uli ndi mayina a anthu ake amene nyanja idawatenga. Bambo amene adakukwiyiraniyo mwina adakula akumenyedwa khofi akatchula liwulo bambo ake ali panyanja. Simudalakwe, simunkadziwa. Koma musawaseke kapena kuwatsutsa. Pa chakudya tchulani monga zalembedwera pa menyu, "ham" kapena "bacon", muone ngati zikuwavuta, ndipo funsani abale awo ngati pali mawu ena amene iwo amasala.

Mudzaona kuti anzanu achinyamata obadwira konko nawonso mawu ena sawadziwa. "Pet", "canny" ndi "howay" amawanena tsiku lililonse, chifukwa ndi a Geordie, Chingerezi cha mumzinda wa Newcastle chomwe chidakali chamoyo, koma "creeve" kapena "skeyn" angakuyang'aneni. Mawu amafa ntchito yake ikafa. Nsomba ya herring, yomwe chisanafike chaka cha 1914 inkadzaza madoko ndi atsikana a ku Scotland oitumbula ndi kuithira mchere m'migolo, idachepa mpaka usodzi wake udatsekedwa mu North Sea mu 1977 kwa zaka zingapo. Mikangano ya nsomba ndi Iceland itatha mu 1976, zombo zikuluzikulu zidataya malo ake ophera. Maukonde oyandama ogwirira salmon m'gombeli adaletsedwa kumapeto kwa 2018. Otsala ambiri akudalira nkhanu ndi lobster. Nyumba za asodzi m'midzi ngati Beadnell ndi Craster zidagulidwa ndi anthu akutali omwe amangobwera patchuthi, ana a eni mudzi n'kusamukira kumatauni. Onjezanipo aphunzitsi akale omwe ankadzudzula mwana wolankhula chakwawo m'kalasi. N'chifukwa chake agogo ambiri ali ndi malankhulidwe awiri, lina la kwa dokotala, lina la kukhitchini, ndipo ena amachita manyazi ndi lachiwirili. Zimandipweteka kuti anthu otsiriza olankhula bwino kalankhulidweka ambiri ali m'nyumba ngati yanuyo, ndipo amene amawamva tsiku ndi tsiku ndi inu, osati akatswiri. Ngakhale kafukufuku wamkulu wa University of Leeds wa malankhulidwe a m'madera, yemwe Harold Orton ndi anzake adachita m'malo 313 pakati pa 1950 ndi 1961, adatsamira kwambiri pa moyo wa kumunda kusiyana ndi wa panyanja.

Za bambo a "gan hyem" aja. Mawuwo ndi "go home", akufuna kupita kwawo. Ngati ali ndi matenda a dementia, pali zinthu ziwiri zikuchitika pamodzi. Choyamba, matendawa amayamba kufufuta zaposachedwa n'kusiya zakale, ndiye Chingerezi cha kwa dokotala chija chimayamba kuthawa, chakukhitchini n'kutsala. Munthu amene ana ake amati sankalankhula chonchi amabwerera ku kalankhulidwe ka ubwana wake. Chachiwiri, ambiri odwala matendawa amasowa mtendere dzuwa likamapendeka, ndipo kwawo kumene akukufunako nthawi zambiri si nyumba imene adachokamo chaka chatha. Ndi kwa amayi awo, kapena nthawi imene ankadziwa chochita madzulo akafika: kukaona bwato, kukamanga zingwe, kukamva za nyengo ya mawa. Kuwauza kuti kwanu ndi kuno kumangowonjezera mantha. Khalani nawo pansi, afunseni kuti "Where's hyem?", muwalole akufotokozereni msewu wake, dzina la bwato, amene ankaphika. Apatseni chogwira m'manja, kaya chingwe choti amange mfundo, kaya zithunzi za doko. Onaninso ngati sakumva ululu, njala kapena kufuna "netty", chifukwa nthawi zina "gan hyem" amatanthauza kuti pali chikundisautsa ndipo sindikutha kuchitchula. Ndipo kusokonezekako kukakula mwadzidzidzi, m'maola kapena masiku ochepa, kanenedwe tsiku lomwelo: kwa okalamba zimenezi kawirikawiri zimabwera ndi matenda ena, monga a m'chikhodzodzo kapena a m'chifuwa, omwe amachizika.

Kodi inuyo muzilankhula nawo chakwawocho? Pang'ono, inde. "What fettle the day?" m'mawa, "Are ye caad?" madzulo, "gan canny" akamadzuka pampando, kutanthauza kuti pang'onopang'ono. Ambiri nkhope imawala akamva mlendo akuyesa, ndipo adzakukonzani katchulidwe mosangalala. Koma musachite kuwatsanzira ziganizo zathunthu ngati sewero, ndipo musawakonze Chingerezi chawo. Pa za "pet" ndi "hinny" kuchokera kwa inu kupita kwa iwo, yambani mwafunsa, chifukwa nyumba zina sizilola antchito kuitana okalamba ndi mayina achikondi, ndipo agogo ena amafuna "Mrs" kapena "Mr" ndi dzina la bambo. Ndikudziwa kuti kwa ife kuitana munthu wamkulu ndi dzina lake loyamba kumalemera pakamwa, koma ngati ndi chimene mwini wake wasankha, ulemu wake ndi umenewo. Kumbukiraninso kuti katchulidwe kanu nakonso n'kachilendo kwa iwo, ndipo ambiri makutu adayamba kugontha. Imani pamene akuonani pakamwa, lankhulani mosathamanga, osakuwa. Mayina a malo muwaphunzire monga eni ake amatchulira: Alnwick ndi "Annick", Boulmer ndi "Boomer".

Pofuna kuzoloweretsa khutu, bungwe la Northumbrian Language Society, lomwe lidayamba mu 1983, limasonkhanitsa mawu ndi ndakatulo za kalankhulidweka, ndipo ku Morpeth kumachitika chikondwerero cha chikhalidwe cha derali chaka ndi chaka Pasaka ikangodutsa. Wolemba ndakatulo Katrina Porteous, yemwe amakhala ku Beadnell, adatha zaka zambiri akumvetsera asodzi okalamba ndi kulemba mawu awo, ndipo malemu Bill Griffiths adasonkhanitsa mawu a usodzi a gombe lonseli. Mulaibulale ya m'tauni yanu mukafunsa pa shelefu ya mbiri ya m'deralo, akupatsani. Koma aphunzitsi anu enieni ndi anzanu achikulire a pantchito, ophika ndi okonza m'nyumba obadwira konko, ndi ana a agogowo akabwera kudzazonda.

Musajambule mawu kapena kanema wa agogowo pafoni yanu, ngakhale n'cholinga chophunzira, ndipo musatumize zoterozo pa WhatsApp kapena TikTok. Malamulo osunga chinsinsi cha osamalidwa ndi okhwima, ndipo anthu amachotsedwa ntchito pa zimenezi, zomwe kwa inu zingakhudzenso viza. M'malo mwake yendani ndi kabuku m'thumba, muzilemba liwu monga mwalimvera, popanda dzina la munthu, n'kufunsa pa nthawi yopuma. Kenako pemphani wamkulu wanu kuti mu pulani ya chisamaliro ya gogo aliyense muikidwe kagawo ka mawu ake: mmene amanenera akafuna chimbudzi, akamva kuzizira, akamva ululu, dzina limene amafuna kuitanidwa nalo, ndi mawu amene safuna kumva. Nyumba zambiri zili kale ndi tsamba lofotokoza mbiri ndi zokonda za munthu, ndiye simukupempha chinthu chatsopano. Zikalembedwa pamenepo, wantchito wa ejensi wobwera usiku umodzi, kaya ndi wa ku Zimbabwe, ku Kerala kapena ku Kent, adzadziwa chochita akamva "netty" pa 3 koloko m'bandakucha.